Helen Sakwera Basi Loweruka

Chelstone, Lusaka
Lolemba, mwezi wa Okutobala

Kwa mlongo wanga Killian,

Wandinyoza, Killian. Walamula kuti Helen akwere basi Loweruka lino kubwerera ku Katete osandifunsa ine amene ndakhala naye miyezi khumi, ndipo dzulo pamene ndimati ndikuyankhe pa foni unandidula mawu pakamwa ngati mwana wopempha switi. N'chifukwa chake ndakulembera kalata. Pepala sungalidule. Kwiya mmene ungakwiyire, koma uliwerenge mpaka pansi.

Kumudziko akuitane a Phiri, akugwadire monga mwini mbumba, m'poyenera. Ine ndikuti iwe, chifukwa ndinakubereka kumbuyo kuno mamina ali mbwee.

Moni ndi ameneyu, ngakhale wabwera mochedwa. Uli bwanji ndi bondo lija? Alamu anga adzuka bwanji? Kuno tilipo. Dzuwa likuwotcha ngati latikwiyira, fumbi la pamsika lalowa mpaka mu mafuta a makina, ndipo magetsi amabwera ngati mlendo wosakhalitsa. Anzanga a makina amagetsi amangokhala manja ali m'chiuno, ine makina anga opalasa ndi mapazi akulira tsiku lonse. Mwana wanga Saul ndi mkazi wake ali bwino ku Kabwata, kamwana kawo kamera mano awiri.

Amene agwira cholembera ndi Ba Josephine a kumpingo kwathu, amene anali aphunzitsi zaka zambiri. Dzanja ndi lawo, mawu ndi anga. Andipempha kawiri kale kuti ndichepetse moto. Ndawauza kuti akachotsa liwu limodzi ndidziwa, chifukwa akamaliza ndikapatsa munthu wina andiwerengere.

Mwana wako Valerie wakuuza kuti mwana wa malemu mlongo wako ndamusandutsa wantchito. Akuti amakhala pamphasa kumasula masanza a salaula, zovala zakale zogulitsa pamulu zija, ndi lezala. Akuti ndinamulalatira pamsika anthu akuona mpaka kumuthamangitsa. Sindikana, zonsezo zinachitika. Koma Valerie wagwira mchira wa nkhani, mutu wake sanauone. Iwenso pomva mchirawo wathamanga kukamupezera Helen malo kusukulu ya zosoka ku Chipata, ati kumeneko akaphunzira zenizeni ndi kulandira pepala, osati kwa nkhalamba yosadziwa ngakhale kulemba dzina lake. Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwako, ndinawamva foni isanaduke.

Dzina sindinaphunzire kulemba chifukwa atate anali ndi mphamvu yotumiza mwana mmodzi yekha kusukulu, ndipo mwanayo anali iwe. Ine ndinatsala kukazinga nsawawa zogulitsa pamsewu kuti iwe uvale yunifomu. Sindinakuwerengerepo zimenezi zaka zonsezi. Lero ndazitchula kamodzi, ndipo sindidzazitchulanso.

Tsopano imva mmene ndinaphunzirira ntchito imene yalera ana atatu mu Lusaka muno. Chaka chimene bambo a Saul anamwalira ndinatsala ndi makina akale amene anagula kwa mnzawo, ndi delesi limodzi labwino, lija ndinavala pa ukwati. Wondiphunzitsa panalibe. Ndinatenga lezala n'kumasula delesi langalo msoko ndi msoko, misozi ikugwera pansalu. Nditayala zidutswa pansi ndinaona zimene maso saona chovala chili pathupi. Ndinaona kuti mutu wa mkono ndi waukulu kuposa bowo limene umalowamo, ndipo umaunyengerera pang'onopang'ono kuti ukhale. Ndinaona kuti kumbuyo ndi kutsogolo sikufanana. Ndinalisokanso, linakhota. Ndinamasulanso. Kachisanu ndi chiwiri linakhala ngati la m'sitolo. Mphunzitsi wanga anali delesi limenelo, ndipo silinandimenyepo kapena kunditcha wopusa.

Helen anafika kuno maso ali pansi. Giredi naini inamukana kawiri, ndipo kumudzi nonse munavomerezana kuti mutu wake ndi wouma. Ukamufunsa kanthu amanjenjemera ngati wamugwira akuba. Munthu wotere sumuyambitsa ndi manambala, chifukwa manambala ndi amene anamulasa. Ndinamupatsa lezala. Lachisanu lililonse ndimapita pamulu wa salaula, ndimatola zovala zimene zakanidwa ndi aliyense, iye amamasula, amasita zidutswa, amaziyala pamphasa, kenako amandiuza ndi pakamwa pake kuti ichi chimapita apa chifukwa chakuti. Akatero amazilumikizanso. Miyezi isanu ndi umodzi sanakhale pamakina. Akandifunsa funso sindimuyankha tsiku lomwelo, ndimamuuza kuti akagone nalo. Kawirikawiri m'mawa amabwera ndi yankho lake, nthawi zina loposa langa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, Killian, ndipo Valerie wako sakhala pansi ngakhale nthawi yomwera kapu ya madzi.

Mu Juni Helen anamasula bulauzi ina yobiriwira ya m'salaula. M'kati mwake, pachifuwa mbali yakumanzere yokha, munali kathumba kansalu yofewa kosokedwa mwaluso kwambiri, kotsegukira m'mbali. Anandifunsa kuti n'kachiyani. Tsiku limenelo ndinaphwanya lamulo langa, ndinayankha pomwepo. Ndinati azungu amabisamo ndalama poopa akuba. Ba Kalenga osoka nsapato pafupi ndi kantemba kanga, kanyumba kosokeramo, anaseka n'kunena kuti ndiye azungu aja ndi osauka, thumba lake limodzi basi. Tonse tinaseka. Helen sanaseke. Anati ngati n'kandalama, bwanji nsalu ya mbali imeneyo aipinda mizere itatu kuchokera paphewa pamene mbali inayo aisiya yosalala? Ndinamuuza kuti asiye kundifunsa za anthu amene sindinadye nawo. Kathumbako sanakataye, anakasunga m'bokosi la mabatani.

Kumayambiriro kwa Seputembala kunabwera mayi wina wa ku Kabulonga pa galimoto yake. Dzina lake sindikuuza, ndipo Ba Josephine alumbira kuti zimenezi zithera papepala lino. Mwana wake wamkazi amakwatiwa, ndipo amafuna chovala cha mayi wa mkwatibwi. Anabweretsa chitenge chimene mng'ono wake anamugulira kunja, chakuti muno sungachipeze. Kunja kumatentha koma iye anafunda shawelo, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Nditatambasula manja kuti ndimuyeze ndi zikhatho monga ndimachitira, anabwerera m'mbuyo. Anati wadutsa matelala onse a m'tauni n'kubwera ku Chelstone chifukwa anamva kuti kuli mayi amene amayeza munthu ndi maso okha osamukhudza. Ndinadzimva kukoma. Ndinamuuza kuti aime pakhomo pali kuwala, atembenuke kawiri, ndipo ndinati ndaona, abwere pakatha masabata awiri.

Ndinajambula nsalu ija ndi choko monga ndajambulira mazanamazana. Lachitatu lake kunali maliro a mnzathu wa kumpingo ku Kabwata, ndiye ndinaipinda n'kunena kuti ndidzadula ndikabwera. Sizasi yanga ndinaisiya m'kabati. Pamsika ponse akudziwa kuti sizasi imeneyo saigwira munthu wina, ngakhale Saul anakula osaikhudza.

Pobwera masana ndinapeza nsalu yadulidwa. Choko changa chafufutidwa, ndipo chidutswa chakutsogolo mbali ziwiri zosafanana, yakumanzere yotambalala kuposa inzake. Helen anali ataima pakona sizasi ili m'manja.

Killian, ndinakalipa. Ndinamutcha mayina amene Ba Josephine akana kulemba, ndipo apa pokha ndawalola. Ndinati aphunzitsi ake sananame. Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda kubwera kudzaonerera, Ba Kalenga n'kumati Ba mayo mudzamudya wamoyo mwana wa eni ake. Helen anayesa kutsegula pakamwa, anati amayi aakulu mundimvere kaye, ine ndinati atuluke ndisanachite chimene ndingadandaule nacho. Anatenga kachikwama kake n'kukwera minibasi kupita kwa Valerie ku Woodlands. Mchira umene Valerie anakutumizira ndi umenewo.

Nsalu ina yolowa m'malo panalibe. Nditayang'anitsitsa pafupi ndi mphuno ndinapeza kuti mwanayo anali atalumikiza kale zidutswa ndi ulusi wapamanja, wapinda mizere itatu kuchokera paphewa lakumanzere kutsikira m'chiuno, ndipo m'kati wasokamo kathumba kofewa kofanana ndi kaja ka m'bulauzi yobiriwira, ataikamo thonje. Ndinati mwana uyu wapenga, akusewera ndi nsalu ya eni ake. Koma ndikanatani? Ndinangopitiriza pamakina pamene iye anasiyira, ndikukonza mawu opepesera.

Tsiku loyeza mayi uja analowa kuseri kwa katani. Anakhalitsa. Ndinaitana, zii. Ndinati basi lero dzina langa la zaka makumi anayi lathera pano. Kenako anandiitana ndi mawu otsika kuti ndilowe ndekha.

Ndinamupeza ataima pagalasi, shawelo ili pansi, akulira osatulutsa mawu. Anagwira dzanja langa n'kuliika pachifuwa pake mbali yakumanzere. Panalibe kanthu, Killian, koma thonje la Helen. Bere anamuchotsa kuchipatala chaka chatha chifukwa cha matenda. Anati kupatula mwamuna wake ndi ana ake palibe amene akudziwa, ndipo chiyambire opaleshoni sanaimepo pagalasi popanda chofunda. Anati amaganiza zopita ku ukwati wa mwana wake atadzikulunga ngati wodwala malungo. Chovala chija chinamukhala bwino lomwe, mapindo aja akutsika ngati maluwa a nsaluyo anamera choncho, ndipo palibe akanadziwa mbali ili ndi kanthu ndi mbali ilibe. Anandifunsa kuti ndinadziwa bwanji pongomuyang'ana kawiri.

Ndikuuze zoona, bodza linafika pa lilime. Likanandikomera. Koma ndinamuuza kuti amene anaona si ine, ndi mwana amene ndamuthamangitsa.

Tsiku lomwelo ndinatseka kantemba n'kukwera maminibasi awiri mpaka ku Woodlands. Valerie anandiimika pageti nthawi yaitali, ati anti, masiku ano ni mapepala, munthu alibe satifiketi ni ziro, ndipo adadi anena kale kuti Helen azabwelela kumunzi. Ndinamuuza kuti siketi imene wavala yakhota msoko wakumbuyo, ndipo anaisoka ndi munthu wa satifiketi. Anapotoloka kuti aone, ine n'kulowa.

Helen ndinamupeza akutsuka mbale. Ndinamufunsa chimene anaona pa mayi uja. Anati chikwama sanachichotse pachifuwa ngakhale potsegula chitseko cha galimoto, phewa lakumanzere amaligwetsera kutsogolo ngati akubisa kanthu, ndipo mkono umenewo sanaukweze pamene ndinamuuza kuti atembenuke. Ati pamenepo kathumba kaja kanangobwera kokha m'mutu mwake, n'kuzindikira kuti sikanali ka ndalama. Ndinati nanga bwanji sunandiuze? Anati anayesa kawiri, ine n'kumuuza kuti akagone nalo funso lake. Ati anagona nalo masiku atatu, ndipo anaona kuti ndikadula ine nsalu yatha.

Pepani sindinanene. Pakamwa panga mawu amenewo amatuluka movuta, iwe ukudziwa. Ndinatulutsa sizasi m'chikwama n'kuiika pathebulo pafupi ndi mbale zake, ndipo ndinati mawa ntchito iyamba seveni koloko, wodula ndi iye. Anabwera.

Tsopano ndikuuza chimene sindinauze munthu aliyense wa kwathu, ngakhale Saul wamva sabata yatha yomweyi. Mayi uja sindinamuone chifukwa maso anga akutha. Pakhomo paja ndimaona chithunzi cha munthu ngati kuseri kwa utsi. Ndinayeza ndi chizolowezi, osati ndi maso. Kukiliniki andiuza kuti ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo andilemba pamzere wa opaleshoni chaka chamawa. Akuti ambiri amaonanso bwino. Mwina ndidzakhala mmodzi wa iwo, mwina ayi, ine sindidalira mwina. Papita chaka ndisanalowetse ulusi pa singano ndekha. Ndimaganiza kuti ndabisa, koma m'mawa uliwonse ndimapeza singano zisanu zili ndi ulusi kale, zobayidwa pakatsamiro pamene dzanja langa limafikira. Helen sanatchulepo, inenso sindinatchulepo.

Ndikudziwa chimene chabwera m'mutu mwako powerenga apa. Ukuti eya, nkhalamba ikufuna ndodo yoyendera. Ayi. Ndikachita khungu mkazi wa Saul alipo, wanena kale kuti chipinda chilipo. Sindikusunga Helen kuti andigwire dzanja. Ndikumusunga chifukwa zatsala zinthu zitatu zimene sindinamuonetse, kolala ya jekete, pakati pa buluku la mwamuna, ndi kudula nsalu ya maluwa kuti maluwawo akumane pamsoko. Zimenezi sizilowa m'makutu. Ndiyenera kuona dzanja lake likudula kuti ndiligwire lisanalakwe, ndipo masiku anga oona ndi owerengeka. Sukulu yako siithawa, Killian. Amene akuthawa ndi maso anga.

Sukuluyo sindikuikana, ngakhale ndikanakonda kuikana. Helen anagula tepi yoyezera ndi kabuku kojambulamo zovala zimene zimamubwerera m'mutu akakhala mu minibasi. Tepiyo ndinaibisa m'thumba la ufa masabata awiri, iye osafunsa, n'kugula ina. Tsopano ndimamusiya. Amayamba wayang'ana munthu, n'kunena yekha chamumtima, kenako n'kuyeza kuti aone ngati maso ake anena zoona. Mwina njira yake idzaposa yanga. Pasaka ikapita akalowe sukuluyo, akatenge pepala lopachika pakhoma. Koma akapite ali munthu wodziwa kuti mutu wake umagwira ntchito. Ukamutenga lero, ukamuika pabenchi pamaso pa bolodi ndi manambala asanalimbe, adzagwetsanso maso pansi, ndipo sindikudziwa ngati adzawadzutsenso.

Iye mwini ndamufunsa. Chikwama walongedza kale, chili kuseri kwa chitseko. Akuti mawu a amalume sangawakane, amayi ake anamusiya m'manja mwanu. Ndinati sindikufunsa za amalume, ndikufunsa za iwe. Anapukuta sizasi, kenako anati akufuna adzasoke jekete limodzi lathunthu ine ndikuliona. Anatero, ine ndikuliona. Ndinatuluka panja ngati ndikukagula makala.

Mayi wa ku Kabulonga uja anabweranso Lachinayi lapitali ndi mnzake amene anakumana naye kuchipatala, wa vuto lomwelo. Sanafunse za ine. Anafunsa za mtsikana uja. Nsalu ya mnzakeyo ili m'kabati muno, yojambulidwa theka. Loweruka likamutenga Helen, ndimuuze chiyani mayi ameneyo? Ine chinthu chimenecho sindingachidule, ndanena poyera, ndipo Ba Josephine aleka kulemba n'kundiyang'ana chifukwa sanandimvepo ndikutero.

Undiperekere moni kwa alamu anga, uwauze kuti chitenge chawo cha Khirisimasi ndasunga. Moni kwa azakhali a ku dimba, kwa ana a malemu achimwene, ndi kwa adzukulu onse amene sindinawaone nkhope. Ukapita kumanda kukalambula mvula isanagwe, uime pang'ono pa mayi wa Helen, umuuze kuti mwana wake amene munkati ndi wouma mutu wavalika munthu amene matelala a mu Lusaka sanathe kumuvalika.

Dzina limene lili pansipa si dzanja la Ba Josephine. Ndalemba ndekha. Helen wakhala akundiphunzitsa ndi choko pa zidutswa za nsalu, zilembo zazikulu ngati chikhatho kuti ndizione, ndipo ndi mphunzitsi wouma mtima, ndikalakwitsa amafufuta n'kundiuza kuti ndikagone nacho. Atate anandipatsa dzina lalitali, zilembo khumi. Lakhota, ndikudziwa. Ukaseka ndidzamva.

Kalatayi ndapatsira a Sakala a lole ya nsawawa, anyamuka mawa m'mawa, ikupeza Lachiwiri dzuwa lisanalowe. Lachitatu utenge foni yako, Killian. Uyambe wamuimbira Valerie kuti tikiti ya Loweruka asagule. Ukatero umuimbire Helen, osati ine, umuuze ndi pakamwa pako kuti amalume alola akhale mpaka Pasaka, amasule chikwama. Kwa ine sadzamva, akudikira mawu ako. Ukakhala chete, Loweruka m'mawa ndidzamuperekeza ndekha ku siteshoni, ndidzakwera naye basi yomweyo pamodzi ndi makina anga, ndipo kolala ya jekete ndidzamuphunzitsira pakhonde pako, mudzi wonse ukuona. Usankhe wekha. Imba Lachitatu.

Ndine mlongo wako wamkulu,

TIKAMBENJI